Timiyala ta mu Sefa

Aggie anali kutsuka sefa ya tiyi kachitatu pamene foni inalira pa tebulo la kukhitchini. Sefayo inali yoyera kale, inu, kungoti manja ake ankafuna chochita. Anapukuta zala pa chitenje n'kudina foniyo kuti mawu azituluka mokweza.

"Iwe Aggie," anatero a Ambrosio, achimwene ake a ku Dedza, moni osapereka n'komwe. "Kuno malo tayeza kale, pafupi ndi pomwe anagona mayi. Adzukulu okumba manda akungodikira mawu. Ndege ndi liti?"

"Achimwene, paja ndinanena kuti Ethel sanavomere."

"Ethel ndi mwana! Maliro a kwa Gervazio ayendetse mwana? Nanga iwe uli komweko ukutani?"

Aggie anayang'ana kudenga. Pamwamba pa khitchiniyo panali chipinda cha a Cornelio, mkulu wa onse m'banjamo, amene anamwalira Lolemba ndi chibayo atagona masiku asanu m'chipatala. Tsopano linali Lachitatu. A kunyumba yosungira maliro ananena mwaulemu wawo wachiairishi uja kuti pofika Lachisanu pa twelve koloko akufuna yankho limodzi: ayambe mapepala a ndege yotumizira thupi kumudzi, kapena atsegule manda a ku Dardistown, konkuno ku Dublin, komwe anagona a Dyness, mkazi wa malemuwo.

"Ndipo zimene ndikumvazi n'zoona?" anapitiriza a Ambrosio. "Akuti kumeneko amafukula manda n'kuika munthu pamwamba pa mnzake?"

"Kuno amatero, achimwene. Amakumba mozama dala, kuti mwamuna ndi mkazi adzagone pamodzi."

"Malodza! Tamvera, Aggie. Zaka twenty achimwene akhala akunena mawu amodzi okha, akuti mukandiike kwathu, dothi la kuno n'lozizira, ndingadwaliremo chimfine. Unkaseka nawo iwe. Kenaka azungu awagwira mtima pa opaleshoni, miyezi itatu osatha, mawu atembenuka. Iwe suona? Waiwala za bambo?"

Akanaiwala bwanji? Bambo awo anagwa ndi sitiroko Aggie ali mtsikana, ndipo anakhala zaka zisanu ndi chimodzi akuyankhula m'mawa china, madzulo china. Dimba limodzi analipereka kwa anthu atatu, aliyense pa tsiku lake, ndipo zidzukulu za anthu atatuwo mpaka lero sizimwerana madzi.

"Iwe ndi amene unkakhala nawo nyumba imodzi," mawu a a Ambrosio anatsika. "Undiuze pamaso pa Mulungu. Atachoka ku opaleshoni kuja, mutu unali bwinobwino? Ukati unali bwino, ine ndisiya, ndiwauza adzukulu abweze makasu. Ukati ayi, thupi libwere kwawo. Sindingataye mkulu wanga kuchilendo chifukwa cha mawu a matenda."

"Ndikuyankhani Lachisanu m'mawa," anatero Aggie.

Foni itaduka anatenganso sefa ija, n'kuzindikira kuti waitsuka kale, n'kuiponya m'dirowa. Mutu ukakula sulewa nkhonya, paja amatero. Ku Dublin konse wamkulu wa kwa Gervazio anali atatsala iye, mayi wa zaka sixty-four wochapa nsalu za ku hotela ya ku Swords. Ndipo iyeyo anali ndi chinthu mumtima chimene sanauzepo munthu, ngakhale wansembe.

Chinayamba mu July, patatha sabata ziwiri a Cornelio atatuluka m'chipatala. M'mawa wina Aggie anakwera masitepe ndi kapu ya tiyi, n'kupeza chitseko chili chotseguka pang'ono. Anasuzumira. Achimwene ake, munthu amene sankatsika pansi opanda taye, anali ataima pa kalilole wa kabati ya zovala atavala vesiti yokha. Anatulutsa mano onse pamtunda ngati galu woti walusa. Kenaka anatulutsa lilime, kulipititsa uku, kulipititsa uko. Anatsinzina, n'kukweza manja onse awiri kutsogolo, n'kungoima choncho, duu. Atatsitsa manjawo anayamba kuitana akufa.

"NaPhiri wamkulu. Anastazia. Likisho. Filomena. Sipiriyano wa ku Mua."

Aggie anatsika ndi tiyi uja. Mawa lake anakweranso, ndipo anapeza zomwezo. Mkuja, zomwezo. Seveni koloko iliyonse ya m'mawa, mano, lilime, manja, akufa. Iye ankangofika pa Sipiriyano basi, mtima osalola, n'kukoka chitseko pang'onopang'ono kuti manyaziwo akhale a m'nyumba. Ikakwana hafu seveni a Cornelio ankatsika atamanga taye, kupereka moni bwinobwino, kudandaula za basi ya nambala forty kuti yayambanso kuchedwa. Ukanati palibe kanthu. Koma bambo awo nawonso masana ankaoneka munthu wabwinobwino.

Belu la pakhomo linalira. Anali Ethel, mwana yekhayo wa malemuwo, atanyamula jumbo ya kuchipatala. Anaikhuthula pa tebulo: magalasi, kolona, chipeso, makiyi.

"Anaimbanso, eti?" anafunsa osamuyang'ana. "Ndaona nkhope yanu, Anti."

"Ndi atate ako aang'ono, Ethel. Ali ndi mawu pa maliro ano."

"Mawu alipo kale. Adadi anatiitana tonse awiri, pa tebulo lomweli, titachoka ku Misa. Munalipo inu. Anati mundiike ndi Dyness."

"Ndinalipo."

"Nanga vuto lili pati? Amami anamwalira tili ku hositelo ya opempha malo okhala, mapepala okhalira kuno asanatuluke, sitikanatha ngakhale kuwaperekeza ku eyapoti. Akhala okha kuja zaka zonsezi. Lero mwamuna wawo akuti ndikagone pomwepo, ndiye anthu oti sanabwerepo kuno akuti ayi?"

Aggie anatembenukira ku firiji. Anatenga nsalu n'kuyamba kupukuta chitseko cha firiji, mozungulira chithunzi chimene chinamatidwa pamenepo. Pa chithunzicho panali kambale ka galasi, m'kati mwake muli timiyala toyera ndi tachikasu, tina ngati misere, tina ngati mchenga wa mu mpunga.

Nkhani ya chithunzicho aliyense wolowa m'nyumbamo ankaidziwa, chifukwa a Cornelio sankalola mlendo kukhala pansi asanaimve. Chaka chatha anayamba kupuma mobanika akakwera masitepe. Dokotala anati valavu ya mumtima, kachitseko kamene magazi amadutsira, yauma, yamera laimu ngati amene amamera m'ketulo. Anati sawang'amba pachifuwa ayi, alowetsa valavu yatsopano ndi kapaipi kodzera mumtsempha wa pantchafu, n'kukaitambasula m'kati mwa yakaleyo. Ethel anali atayamba kale kuthokoza, koma a Cornelio anakweza chala. Munthu uyu kwawo anagwira ntchito ku kampani ya madzi zaka zambiri, kuyang'anira masefa a pa thanki.

"Adokotala, paipi yakale ukaigogoda, dzimbiri limayenda ndi madzi. Nanga lanuli likupita kuti?"

Dokotala uja akuti anavula magalasi n'kuwayang'anitsitsa. Anawauza zoona, kuti tizidutswa timanyenyeka ndithu, ndipo tina timatha kukwera ndi magazi kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Anati pali kasefa kakang'ono kamene angalowetse kudzera pa mkono wamanja, kukatchinga njira yopita kumutu mpaka ntchito itatha, kenaka n'kukatulutsa pamodzi ndi zinyalala zake.

"Basi," anatero a Cornelio. "Popanda sefa sindigona pa tebulo lanulo. Kufa sindiopa ine. Ndimaopa kukhala ngati bambo anga."

Atatsitsimuka bwino, chinthu choyamba anafunsa za sefa. Anavutitsa anamwino mpaka wina anawajambulira zimene zinakodwamo. Kuyambira pamenepo ankagogoda chithunzicho ndi chala n'kumauza alendo kuti, "Mwationa? Tonseti tikanakhala m'mutu muno."

"Anti, mufufuta chithunzicho," anatero Ethel.

Aggie anasiya kupukuta. Anafuna kunena zimene ankaona pa kalilole paja, koma anangofunsa ngati Ethel wadya.

Lachinayi nyumba inadzaza. Amayi a kwaya anakhala pa kapeti m'chipinda chochezera akuimba motsitsa, chifukwa khoma la nyumba za kuno ku Finglas ndi lopyapyala ndipo aneba a mbali inayo ali ndi khanda. Abambo anaima m'khonde atavala majekete, aliyense ndi maganizo ake. Wina ankati munthu amakagona kwawo, n'chikhalire. Wina ankati kwawo kwa munthu ndi kumene kuli mwana wake. Onse akamaliza ankayang'ana Aggie, ndipo iye ankathawira kukhitchini kukawiritsanso ketulo yowira kale.

Chakumasana kunabwera Tamara, namwino wa ku Chipata amene amagwira ntchito kumbali ya odwala mtima. Atangomaliza kupepesa, Aggie anamugwira mkono n'kutuluka naye kuseri, pa zingwe zoyanikira zovala. Kunali kamvula kowaza kaja kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa m'mafupa.

"Mwanawe, undiuze zoona. Sefa ija imagwira zonse?"

Tamara anakoka mpweya. "Siningakunamizeni, amai. Imagwira zambili, nimaziona na maso anga tikaichotsa. Koma si zonse. Misempha yokwela kumutu ilipo four. Sefa ija imavala itatu, umozi umasala."

"Umatsala wotsegula?"

"Wosegula. Ndipo madokotala eni ake akali kukangana kuti imathandiza kufika pati."

"Ndiye kamwala kakhoza kudutsa."

"Kangapite. Nthawi zambili munthu samvelako kanthu olo pang'ono. Nthawi zina ni a m'nyumba amene amaona kuti pali kasintha." Tamara anamuyang'ana m'maso. "Munaonako chinthu, amai?"

"Ayi," anatero Aggie msangamsanga. "Ndimangofunsa."

Anaopa. Akanena, pofika Lamlungu nkhani ikhala itazungulira parishi yonse, kuti a Cornelio Gervazio aja, osamala tchalitchi aja, amene ankakonza ngakhale Chilatini cha wansembe, ankatulutsira kalilole lilime. Anamulowetsa Tamara m'nyumba, iye n'kutenga chikwama kuti akukagula mkaka. Mkaka unali wodzaza firiji.

Anayenda osadziwa kumene akupita. Anadutsa shopu, anadutsa tchalitchi, anakaima pa siteji ya basi, basi itabwera osakwera. Mutu unali utaima. Akati mutu wa achimwene unali bwino, ndiye kuti wanama pamaso pa Mulungu, ndipo wakwirira mkulu wake m'dothi limene analikana zaka twenty. Akati sunali bwino, walanda Ethel bambo ake, n'kuwavulanso malemuwo pagulu. Wamisala adaona nkhondo, inde, koma mawu ake angayendetse maliro? Ndege inadutsa m'munsi kwambiri ikulowera ku eyapoti, ndipo Aggie anaikwiyira ngati ndi imene yalakwa. Anabwerera kunyumba nsapato zitanyowa, mkaka alibe.

Lachisanu Ethel anafika nayini koloko kudzatenga suti yoti akaveke bambo ake. Anapeza Aggie atakhala pa sitepe yomaliza, atavala kale duku lakuda, foni ili m'manja.

"Khala pansi, Ethel."

"Ndiima, Anti. Nenani."

"Ndiwauza a Ambrosio kuti mutu wa bambo ako sunali bwino."

Ethel anaponya chikwama pansi. "Inu? Inu amene munkadya nawo mbale imodzi? Munthu ankawerenga nyuzi tsiku lililonse, mankhwala ake sanaphonyepo olo kamodzi, lero mukumupangira misala kuti musangalatse a ku Dedza? Koma Anti, Mulungu akukuonani!"

"Akundiona, n'chifukwa chake ndikunena! Ukuyesa zikundikomera? Miyezi seveni ndakhala nazo ndekha pamtima pano, osagona, kuopa kuti iwe ungadziwe. Bwera. Bwera uone."

Anakwera masitepe, Ethel ali pambuyo akupumira m'mwamba. Chipinda cha a Cornelio chinali monga anachisiyira, bedi loyala mosakhwinyata, nsapato zitandanda pansi pa mpando. Aggie anatseka chitseko n'kuima pa kalilole wa kabati. M'malo mofotokoza, anaganiza zongochita. Mayi wamkulu ndi duku lake la maliro, anatulutsa mano onse pamtunda. Anatulutsa lilime, uku ndi uko. Anatsinzina, n'kukweza manja onse awiri kutsogolo, misozi ikutsikira m'masaya.

"Tsiku ndi tsiku," anatero ali chitsinzinire. "Seveni koloko. Bambo ako, Ethel."

Kumbuyo kwake kunamveka kaphokoso kachilendo. Atatsegula maso anaona Ethel atakhala pa bedi, dzanja lili pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ankaseka. Ankaseka ndithu, kuseka kwa misozi, mpaka kunasanduka kulira kwenikweni.

"Ukuseka chiyani, mwana wopanda mwambo iwe?"

"Anti, mayo ine, Anti! Imeneyo si misala. Ndi mmene timayezera sitiroko." Ethel anapukuta mphuno ndi mkono wa juzi. "Atangotuluka mu opaleshoni, manesi ankabwera awa iliyonse. Sekererani tione ngati kamwa lapotoka. Tulutsani lilime. Tsinzinani, kwezani manja, tione ngati wina ugwe. Inu munali ku ntchito, munkabwera atasiya kale. Ifenso ku ntchito kwathu kosamalira okalamba kuja timachita zomwezo tikakayikira munthu. Adadi ankadziyeza okha!"

Aggie anatsitsa manja pang'onopang'ono. Anamva kutentha kumaso, manyazi ndi mpumulo zitasakanikirana. Koma mtima wake, wozolowera kukayika, sunagonje msanga.

"Nanga akufa? Manesi akowo anawauzanso kuti aziitana akufa?"

"Akufa ati?"

"Akamaliza manjawo ankayamba kutchula. NaPhiri, Anastazia, anthu oti anapita iwe usanabadwe. Munthu walungalunga amaitana manda m'mawa?"

Ethel anapukusa mutu. Zimenezo sankazidziwa, ndipo anavomera kuti sakuzidziwa. Anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa hafu nayini.

"Titenge kaye suti," anatero motopa.

Kabatiyo a Cornelio ankaikiya nthawi zonse. Ankasita okha, kupachika okha, ndipo m'zaka khumi zimene anakhala limodzi Aggie sanaonepo m'kati mwake. Ethel anatsika kukatenga makiyi a mu jumbo ya kuchipatala aja. Kiyi wachitatu ndi amene analowa.

Kuseri kwa chitseko cha kabatiyo, kumbuyo kwenikweni kwa kalilole uja, kunapachikidwa makalendala awiri a parishi, ya chaka chatha ndi ya chaka chino. Pambali pake panamatidwa pepala lalitali la mayina, ndipo pa msomali pankalendewera kapensulo kakafupi komangidwa ndi ulusi. M'kabokosi ka tsiku lililonse, kuyambira kumapeto kwa June, munali mawu amodzi olembedwa ndi dzanja lopendekera lija: bwino. Bwino, bwino, bwino, mwezi ndi mwezi, osadumpha.

Aggie analibe magalasi. "Werenga," anatero.

Ethel anabweza masamba mpaka pa June. M'munsi mwa tsambalo, pamalo opanda masiku, panali mizere ingapo. Anawerenga mokweza.

"Ndili pa tebulo paja ndinali maso, ndikumva akugwira ntchito mumtima mwanga. Ndinaganiza za Dyness. Wakhala yekha mokwanira. Ndikagona naye. Koma sindiuza munthu mpaka nditatsimikiza kuti ndine amene ndikuganiza, osati kamwala. Adokotala anati sefa sigwira zonse. Ndidziyeza miyezi itatu."

Anatembenuza July, August, n'kufika pa September. Pa Lamlungu lachitatu kabokosi sikanakwane, mawu anasefukira m'mbali.

"Kamwa bwino. Manja bwino. Mayina onse akwana, palibe wosowa. Maganizo akadali omwe aja. Lero ndiwauza."

Aggie anakhala pa mpando, pamwamba pa malaya amene anali pamenepo, osaona n'komwe. Miyezi itatu munthu kusunga mawu m'kamwa, kuopa kusiyira ana ake dimba la anthu atatu! Ndipo atanena kale sanaleke, anapitirizabe kudziyeza, kuti mwina tsiku lina angapezeke kuti analakwitsa.

"Anti, taonani mayinawa," anatero Ethel. Anamatula pepala lija n'kuliika pa miyendo ya azakhali ake. Zilembo zake zinali zazikulu, zoti Aggie anatha kuwerenga yekha ataliika patali. NaPhiri wamkulu anali pamwamba. Anastazia, Likisho, Filomena, Sipiriyano wa ku Mua. Pamenepo ndi pomwe iye ankakokera chitseko. Koma mndandanda unkapitirira, kutsika ndi mbumba yonse, mayi awo, bambo awo, Dyness, mpaka kufika kwa amoyo. Ambrosio. Ethel. Ndipo pansi penipeni, lomaliza, Aggie.

M'mawa uliwonse achimwene ake ankamaliza ndi dzina lake, iye atathawira kale kukhitchini. Aggie analira tsopano kulira kumene sanalire chimwalirireni a Cornelio, mokweza, osasamala za khoma lopyapyala.

Itakwana teni anaimba ku Dedza. A Ambrosio anayankha foni isanalire kawiri.

"Ndakumva, Aggie. Nena."

"Achimwene, munati ndinene pamaso pa Mulungu. Mutu wa achimwene unali bwino kuposa wanga ndi wanu kuphatikiza."

"Ukunena chifukwa mwanayo ali pomwepo."

"Ali pompano, inde. Koma mverani eni ake."

Ethel anawerenga za June, n'kuwerenga za September. Anafotokoza za mano ndi manja. Kumbali inayo kunangomveka nkhuku ndi wailesi ya patali. 

"Mayinawo," anatero a Ambrosio kenaka. "Tawerenga ndimve."

Aggie anawerenga yekha, mmodzimmodzi, mosathamanga. Atafika chapakati a Ambrosio anamudula.

"Wati ndani?"

"Kelementina."

"Kelementina," anabwereza motsitsa. "Mng'ono wawo wa mayi, amene anamira pa mtsinje uja. Ine ndinamuiwala ameneyo. Ndili konkuno, manda ake ndimawadutsa popita kudimba, koma ndinamuiwala." Anatsokomola kawiri. "Pitiriza."

Anapitiriza mpaka pa dzina la a Ambrosio eni ake, ndipo anamva akupuma mwamphamvu. Atamaliza, achimwene akewo anayankhula ndi mawu a munthu wokalamba, osati a mwini maliro.

"Zoika munthu pamwamba pa mnzakezo sindizimvetsa, ndipo sindidzazimvetsa. Koma mawu ndi awo. Ndikawauza adzukulu abweze makasu. Tsiku loika mudzatiimbire, tidzakhale pa Misa nthawi imodzi. Ethel, mwana wanga, pepa."

Ethel anatsikira pansi kukaimbira a kunyumba yosungira maliro. Aggie anatsala yekha m'chipindamo. Anatulutsa suti yakuda n'kuiyala pa bedi, anasankha taye ya buluu imene ankavala pa Pasaka, anapukuta nsapato ngakhale zinali zowala kale. Pobwerera kukatseka kabati maso ake anagwera pa kalendala ya chaka chino. Anaiyandikira, n'kubwereranso m'mbuyo pang'ono kuti zilembo zioneke. Kabokosi komaliza kolembedwa kanali ka Lachinayi la sabata yatha, m'mawa umene ambulansi inabwera. Dzanja linali litanjenjemera, mizere itakhota, koma mawu ankawerengeka.

"Chifuwa chavuta. Mutu bwino."

Aggie anamasula ulusi pa msomali. Kapensuloko kanali katafupika kufika pa chala chaching'ono, koma kanali kosongoka bwino, kosongoledwa ndi mpeni monga ankachitira kwawo. Anakapukuta pa chitenje, n'kukalowetsa m'thumba la pachifuwa la jekete, nsonga ili m'mwamba. Kenaka anatseka kabati, anakiya, n'kunyamula sutiyo pa mikono yonse iwiri kuti isakhwinyate potsika masitepe.